Dzenje la Pamsewu Lili ndi Mwini Wake

Mukamamvera nkhani za ngozi pa wailesi, muzitchera khutu ku mawu omaliza a mneneri wa apolisi. Amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Dalaivala amathamanga kwambiri. Wakabaza analowa mumsewu osayang'ana. Woyenda pansiyo anali atalawa. Kenako pempho lija loti ogwiritsa ntchito msewu tonse tizitsatira malamulo, basi nyimbo ilowe. Ine sindinamvepo mneneri akunena kuti malemuwo anagwera m'ngalande yomwe yakhala yosavindikira chiyambire dzinja latha, kapena kuti minibasi inalowa mbali ya eni ake pozemba dzenje lomwe ofesi ina yake inauzidwa kalekale. Msewu sukhala nawo pa mndandanda wa oganiziridwa.

Madalaivala athu amathamangadi, zimenezo sindikutsutsa, ndipo akabaza ena amayendetsa ngati ali ndi moyo wina wosungira kunyumba. Lipoti la bungwe la WHO la 2015 linayerekeza kuti pa anthu 100,000 aliwonse m'Malawi muno, 35 amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, chiwerengero chomwe chinatiika pakati pa maiko oipitsitsa pa dziko lonse. Imfa zochuluka chonchi sizingachoke ku phazi la dalaivala lokha. Zina zimachoka ku ofesi. Dzenje lililonse la pamsewu lili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo akalilekerera mpaka munthu n'kuvulalapo, azilipira. Makhonsolo athu ayambe kuopa khoti. Pakadali pano saliopa, ndiye n'chifukwa chake sawopanso maliro athu.

Mwini wakeyo ndani? Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mabungwe awiri: Roads Authority yoyang'anira misewu ikuluikulu ya dziko monga M1, ndi Roads Fund Administration yosunga thumba, lomwe limadzadza ndi msonkho wa pa mafuta a galimoto komanso ndalama za pa zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Misewu ya m'makwalala a mizinda ndi ing'onoing'ono ya m'maboma ili m'manja mwa makhonsolo, omwe amayendera lamulo la maboma aang'ono la 1998. Papepala zikumveka bwinobwino. Koma pita ukadandaule za malo amodzi enieni, uone mpira wake. Uyu akuti phulalo si lathu. Uyo akuti phula ndi lathudi koma ngalande ndi ya anzathu aja. Wachitatu akuti amene anakumba pamenepo ndi kontilakitala woyala mapaipi, kamufunseni iyeyo. Kontilakitalayo anatseka kampani, pano akuchita bizinesi ya feteleza. Ukamabwerera kwanu nsapato itatha, dzenje lija ukalipeza lili pompaja, lakula pang'ono, ndipo munthu wina wachifundo waikamo nthambi ya mtengo kuti anzake aliwone.

Nthambi imeneyo ndiye ndondomeko yathu yonse yopewera ngozi. Ndi masamba omwewo amene timayala pamsewu posonyeza kuti pano pali zovuta.

Chaka chatha mayi anga aang'ono, omwe amagulitsa tomato, ankapita kokaoda m'mamawa kusanache. Magetsi a mumsewu anafa kalekale. Anaponda pomwe panayenera kukhala chivindikiro cha ngalande, koma chivindikirocho panalibe. Mwendo unathyoka. Anakhala m'chikhakha masabata ambirimbiri, mpamba wonse unathera pa thiransipoti yopitira kuchipatala ndi chakudya cha ana, benchi lawo la kumsika analowapo wina. Pa ofesi yomwe imayang'anira msewu umenewo palibe amene anasowa tulo. Sanadziwe n'komwe. Nditanena pabanja kuti tilembe kalata yofuna chipukuta misozi, amalume anandiyang'ana ngati sukulu yandizunguza mutu. "Mphwanga," anatero, "boma ndi boma. Ungalimbane nalo iwe? Tingothokoza Mulungu kuti achemwali ali moyo." Onse anavomereza, nkhani inathera pomwepo. Mayi aang'onowo tsiku lililonse ankadula tikiti ya mumsika osaphonya, ndipo wodulitsayo sankamva za mawa. Ndalama ikamapita ku khonsolo njira yake ndi yowongoka. Ikamayenera kuchoka ku khonsolo kubwera kwa munthu, njira imasowa, ndipo ifeyo timathandiza nawo kuisowetsa.

Maganizo a amalume aja, oti wovulala pamsewu wa boma angopirira, si nzeru za makolo athu ayi. Kumudzi ng'ombe yako ikadya chimanga cha mnzako umalipira, ndipo ukakumba mbuna panjira munthu n'kugweramo, kwa amfumu ukayankha. Zoti mwini msewu sayankha mlandu zinabadwira ku England. Mu 1788 munthu wina dzina lake Russell anasumira anthu a chigawo cha Devon ngolo yake itawonongeka chifukwa cha mlatho wosakonzedwa. Khoti linakana. Zifukwa zake zinali zoti panalibe thumba loti n'kutengamo malipirowo, komanso kuti kuli bwino munthu mmodzi avutike kusiyana n'kuti anthu onse asokonezeke. Pa mlandu umenewo panamera lamulo loti woyang'anira msewu angathe kuimbidwa mlandu ngati wagwira ntchito molakwika, koma ngati sanagwire ntchito iliyonse, wangokhala manja lende msewu n'kumawola, alibe mlandu. Tamvani bwino pamenepo: waulesi weniweni ndiye amene lamulo linkamuteteza.

Eni ake lamulolo anachita nalo manyazi. Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inalichotsa ndi lamulo la 1961, ndipo lero gawo 41 la Highways Act ya 1980 limapereka udindo wosamalira msewu pamapewa a khonsolo yowuyang'anira. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri akukhala, makhoti anali ndi chitetezo chawochawo cha makhonsolo chofanana ndi chimenechi. Mu 2000, pa mlandu wa Bakkerud, mayi wachikulire yemwe anaponda m'dzenje la m'njira ya oyenda pansi ku Sea Point mu Cape Town n'kuvulala, khoti la apilo linanena kuti khonsolo ilibe chitetezo chachikhalire, mlandu uliwonse uziwonedwa pawokha. Ndalama yomwe ankalimbirana inali yochepa, koma chigamulocho chikugwirabe ntchito mpaka lero. Ku Australia zinachitika mu 2001, pa mlandu wa Brodie ndi khonsolo ya Singleton, mlatho wamatabwa utathyoka lole ili pamwamba. Ife kuno malamulo a Angerezi tinawalandira monga momwe analili mu 1902. Kusintha komwe eni ake anachita mu 1961 sikunawoloke nyanja kudzatipeza. Mtima wa 1788 uja, woti mmodzi avutike bola ofesi isasokonezeke, ndi umene ndimaumva m'makonde a maofesi athu, ndipo chomvetsa chisoni n'choti tinaulowetsanso m'nyumba zathu n'kuupatsa dzina loti kupirira.

Ndikudziwa chomwe anzanga ogwira ntchito m'makhonsolo anene, chifukwa ena mwa iwo tinali limodzi ku koleji ndipo timakangana za zimenezi pa WhatsApp. Akuti: aise, khonsolo ilibe ndalama. Ndipo akunena zoona. Ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ya 1998 inalonjeza kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera, koma bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti lonjezolo silikwaniritsidwa. Eni nyumba ndi eni mabizinesi ambiri salipira msonkho wa malo, ena mwa iwo anthu olemera omwe amalalata kwambiri za maenje. Ndiye akuti tikayamba kulipira aliyense wothyoka mwendo, ndalama yogulira phula ndi yomwe ithere kwa maloya. Ukufuna tikonze msewu kapena tilipire anthu?

Funsoli limamveka lanzeru, koma limabisa chinthu chachikulu. Kumaiko komwe makhonsolo amasumiridwa, khonsolo siilipira chifukwa choti pamsewu panali dzenje. Imalipira chifukwa choti yalephera kusonyeza kuti inachita zomwe woyang'anira msewu wanzeru akanachita. Lamulo lomwe lija la ku England la 1980 lili ndi gawo 58, lomwe ndi chishango cha khonsolo. Ikabweretsa umboni woti msewu umenewo imauyendera pa nthawi yoikika, kuti woyendera anadutsapo tsiku lakuti ndipo dzenjelo linali lisanabadwe, kapena kuti analiwona, analilemba, analiika pa mzere wokonzedwa molingana ndi kuopsa kwake, wodandaulayo amabwerera chimanjamanja. Madandaulo ambiri amagwera pamenepa. Makhonsolo ambiri kumeneko anachita kulemba kuti dzenje likafika mamilimita 40 kuya kwake pamsewu wa galimoto, likonzedwe. Mamilimita 40, abale anga. Kuno dzenje timayamba kulitchula kuti dzenje mwana wa mbuzi akamatha kubisalamo. Ndipo oweruza a mlandu wa ku Cape Town uja ananena momveka kuti khonsolo yaing'ono yosauka singayezedwe ndi muyezo wa mzinda waukulu wolemera. Palibe khoti lanzeru lingalipiritse khonsolo chifukwa cha milatho yomwe namondwe wa Freddy anakokolola usiku umodzi mu Malichi 2023. Lingafunse kuti patatha chaka, pamalo pomwe panali mlathopo panaikidwa chikwangwani kapena chotchinga chanji.

Ndiye chishango chachikulu cha khonsolo ndi kaundula. Buku. Munthu mmodzi wa njinga yamoto, kapena wa kapalasa yemwe, woyenda m'misewu ya wodi ndi foni yojambula, n'kulemba: pano chivindikiro chabedwa, pano chikwangwani chagwa, pano mizere ya powolokera ana asukulu yafufutika. Kenako wina ku ofesi wosankha kuti choyamba n'chiti, n'kusaina dzina lake. Phula likasowa, dilamu lopaka penti yofiira silingasowe. Silabu ya konkire yovindikira ngalande mtengo wake sufika pa alawansi ya anthu awiri opita ku msonkhano wa masiku atatu kunyanja. Umphawi wa khonsolo ungafotokoze chifukwa chomwe msewu wa ku Ndirande kapena ku Mchesi sukuwoneka ngati wa ku Sandton. Sungafotokoze chifukwa chomwe ofesi singakuuzeni tsiku lomwe munthu wake anaupondako komaliza.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima, chifukwa mawu oti kuchepetsa chiopsezo cha milandu akhoza kutanthauza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Akhoza kutanthauza kuchepetsa anthu ovulala, kuti milandu ichepe. Akhozanso kutanthauza kusiya anthu azivulala monga kale, iwe n'kumangokonza zoti mlandu usakugwire. Njira yachiwiriyi ndi yotchipa, ndipo maofesi amaikonda kulikonse. Ku Australia kuja, chigamulo cha 2001 chitangotuluka, maboma a zigawo anathamangira kukabwezeretsa mbali ina ya chitetezo. Ku New South Wales lamulo la 2002 linati woyang'anira msewu sangaimbidwe mlandu wolephera kukonza pokhapokha ngati ankadziwadi za choopsa chenichenicho chomwe chavulaza munthu. Taganizani zomwe lamulo lotere limaphunzitsa bwana wochenjera. Osayendera msewu, osalandira foni, kalata ikabwera isowe. Kusadziwa kwasanduka inshuwalansi. Ife kuno luso limeneli sitinachite kulilembera lamulo, tinabadwa nalo. Failo ikusowa, amene amaona zimenezo ali ku maliro, bwerani Lolemba.

Tsiku lomwe makhonsolo athu adzayambe kulandira masamoni, ndikulosera kuti choyamba kugula chidzakhala zikwangwani zoti mukuyenda pano mwa kufuna kwanu, khonsolo siidzayankha kanthu. Tisadzalole. Chikwangwani chochenjeza kuti kutsogoloku kuli dzenje chimateteza munthu. Chikwangwani chonena kuti ukagwera m'dzenjemo ndi zako chimateteza wapampando.

Palinso nyimbo ya umbava. Akuti timaika zivindikiro, anthu anu omwewo amaba n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Timaika magetsi a sola, mabatire amasowa sabata yomweyo. Zoona, ndipo wakubayo amangidwe, pamodzi ndi womugula, yemwe malo ake ochitira bizinesi amadziwika ndipo laisensi yake imachokera ku ofesi. Koma mlandu wa wakuba ndi wa usiku womwe anabawo. Kuchokera m'mawa mwake mpaka miyezi isanu ndi umodzi, dzenje lili kukamwa yasa pakati pa njira ya ana asukulu, umenewo ndi mlandu wa wina. Ngati chitsulo chikubedwa chaka chilichonse, injiniya yemwe akuitanitsabe chitsulo m'malo mwa konkire afotokoze bwino.

Onani zomwe zimachitika m'malo mwake. Galimoto ikagunda mwana pamalo pomwe anthu akhala akupempha mahampu kwa zaka, anthu amatseka msewu, amawotcha matayala, amakumba phula n'kuwumba mahampu awoawo a dothi ndi miyala, ataliatali osapaka penti. Usiku wake wanjinga yamoto wosadziwa amadzagwa pomwepo. Anyamata amathira dothi m'maenje n'kumatambasula dzanja kwa madalaivala, ndipo timawapatsa, msonkho wachiwiri pa msewu womwewo. Mkwiyo ulipo wambiri, kungoti umathera pa tayala loyaka. Dalaivala amene wagunda uja amamangidwa, kampani yake ya inshuwalansi imasumiridwa, ndipo maloya a milandu ya ngozi njira imeneyo amaidziwa ngati ya kumunda kwawo. Koma ofesi yomwe inalandira makalata atatu opempha powolokera, dzina lake silitchulidwa pa samoni.

Wina asandiuze kuti khonsolo singagonje m'khoti la Malawi. Mu 2017 anthu a ku Area 18 mu Lilongwe anamwa madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji. Sanangothokoza kuti ali moyo. Anasonkhana, anapeza maloya, anasumira mabungwe okhudzidwa kuphatikizapo khonsolo ya mzindawo, ndipo khoti linagamula mowakomera. Inde, ku Area 18 kumakhala anthu odziwa zitseko za maofesi ndiponso otha kusonkherana ya loya. Mayi wa tomato wa ku Mtandire alibe zimenezo. Koma gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka kwa munthu aliyense ufulu wokadandaula ku khoti ndi kulandira thandizo lenileni, ndipo silifunsa kuti umakhala eriya yanji. Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu osatha kulipira loya. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, ulere.

Makolo anati mlandu suwola, koma ku khoti umawola ndithu. Mlandu wa kuvulala chifukwa cha kusasamala kwa wina uli ndi malire a zaka zitatu. Ukadikira kuti mtima ukhale kaye pansi, kenako mvula, kenako zokolola, udzapeza chitseko chatsekedwa. Ndipo umboni umawola msanga kuposa pamenepo, chifukwa chodabwitsa cha maenje athu n'choti likavulaza munthu wodziwika limakwiriridwa m'mawa mwake. Jambulani tsiku lomwelo, dzenje ndi chizindikiro cha malo chomwe aliyense angachizindikire. Tengani lipoti la apolisi ndi la kuchipatala. Sungani malisiti, olo a kabaza wopita ku chipatala mulembe penapake. Lembani maina a omwe anaona.

Koma ntchito yaikulu ndi ya tsiku lomwe munthu asanavulale, ndipo iyi ndi yathu ife ophunzira, ife omwe timathera bandulo kujambula maenje n'kumaseka pa Facebook kuti tapeza dziwe losambiramo. Positi ya pa Facebook bwana akhoza kulumbira kuti sanaione. Kalata yolembedwa, ya makope awiri, yomwe kalaliki wadinda chidindo cha deti n'kukubwezera kope imodzi, imeneyo sangaikane. Kuyambira tsiku la chidindocho khonsolo ikudziwa, ndipo aliyense wogwera pamenepo pambuyo pake ali ndi pogwira. Komiti ya chitukuko ya m'dera, komiti ya sukulu, gulu la akabaza pa siteji, onsewa angathe kusunga failo yotere. Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Tiligwiritse ntchito pofunsa zinthu zosavuta: msewu wakutiwu munauyendera liti komaliza, madandaulo angati munalandira, munachitapo chiyani, khonsolo ili ndi inshuwalansi yolipirira anthu ovulala pa malo ake kapena ayi. Akayankha kuti kaundula wotere kulibe, yankho limenelonso musunge, ndi umboni.

Za inshuwalansizi ndimazifuna pa chifukwa china. Kampani ya inshuwalansi siichita chisoni ndipo siivota. Ikamalipira chipukuta misozi kawiri katatu pa ngalande imodzimodzi, idzakweza mtengo, kenako idzafuna kuona buku la woyendera misewu isanasaine chaka chotsatira. Zimene makalata athu aulemu analephera, akauntanti wa kampaniyo adzazichita pa msonkhano umodzi.

Ndipo makhansala? Dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo ndimaona ngati ena mwa ife sitinazolowerebe kuti anabwerera, kapena tinaiwala ntchito yawo. Tinawasandutsa ogula mabokosi a maliro. Khansala akabwera pa maliro a mwana wogundidwa ndi galimoto, n'kupereka thumba la ufa ndi chipepeso, timamuwombera m'manja kuti ndi munthu wa anthu. Munthu ameneyu amakhala pa msonkhano womwe umavomereza bajeti ya khonsolo. Ali ndi mphamvu yofunsa mkulu wa zomangamanga kuti abweretse mndandanda wa malo oopsa a mu wodi yake, ndi kuumiriza kuti zimenezo zilembedwe mu maminitsi. Wa kwathu kuno ndamulembera kale kalata yachiwiri yokhudza ngalande ija inathyola mayi aang'ono, yomwe mpaka lero ili chitsegukire. Kope yanga yodindidwa ili m'failo, ndipo yachitatu ndikukapereka Lachisanu, pamodzi ndi siginecha za amayi 14 a pamsika omwe amadutsa pamenepo kusanache.